Shelefu ya Formica sipalidwa

Thabwa la mlombwa likathimbirira, kalipentala sada nkhawa. Amatenga puleni n'kupala pamwamba pang'ono, ndipo pansi pa litsirolo pamatuluka mlombwa watsopano. Mbawa ndi chimodzimodzi, paini nayenso. Mtengo uli ndi mnofu, ungathe kuupala kangapo pa moyo wake. Koma mashelefu ambiri amene adzaza m'magolosale, m'masitolo a mankhwala ndi m'mabalaza a ku Phalombe masiku ano si a thabwa lotere. M'kati mwake muli chipboard, utuchi ndi tizibanthu tamitengo tophatikizidwa ndi guluu, ndipo kunja anamatako khungu losalala lomwe tonse timangoliti Formica, ngakhale kawirikawiri limakhala melamine wamba. Kukongola konse kwa shelefu kuli pa khungu limenelo. Kuchindikala kwake nthawi zambiri sikudutsa milimita imodzi, ndipo la melamine ndiye lopyapyala kwambiri kuposa pamenepo. Ukalipala, lapita basi.

N'chifukwa chake akalipentala ambiri ntchito yokonza mashelefu otere amaikana. Amakuuzani kuti bwana, tingokhomerani ina yatsopano. Koma pa Migowi pali bambo wina, kalipentala wa zaka zambiri pantchito, amene amailandira, ndipo ndimakonda kuima pa shedi yake kuonerera. Chimene chimandikopa ndi mmene amachedwera kuyamba.

Shelefu ikatsika pa njinga ya kabaza kapena pa ngolo, iye sagwira chida chilichonse. Amaitulutsa panja, n'kuipendeketsa kuti dzuwa lilambalale pamwamba pake, kenako amawerama diso lake n'kufika m'mphepete mwa bolodi. Akatero amaona zimene inu ndi ine sitingaone tikayang'ana molunjika: pomwe pasiya kuwala, pomwe pali timikwingwirima ta mpeni, pomwe patukumuka pang'ono. Amayendetsa chikhadabo pa banga. Chikakodwa, ndiye kuti chinthucho chili pamwamba, chichoka. Chikadutsa osamva kanthu, bangalo lalowa. Amagogoda ndi mfundo ya chala m'mbali monse, ndipo pomwe pamveka phuphuphu m'malo mwa gogogo, amalembapo ndi choko. Nthawi zina amanunkhiza. Palafini, mafuta ophikira ndi mkodzo wa makoswe zimasiya mabanga ofananako koma fungo lake n'losiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Khungu limeneli linayambira kutali. Mu 1913, Daniel O'Conor ndi Herbert Faber anayambitsa kampani ya Formica ku Cincinnati, m'dziko la America, ndipo poyamba ankapanga zotchingira moto wamagetsi m'makina. Za pamatebulo ndi m'makhitchini zinabwera pambuyo. Kapangidwe kake ndi ka mapepala: pansi amasanja mapepala akhaki oviikidwa mu utomoni wa m'fakitale, pamwamba pake pepala losindikizidwa mtundu kapena mizere ya mtengo, kenako kapepala kena koonekera m'kati koteteza, zonsezo n'kuzipanikiza pa kutentha kwakukulu mpaka zitasanduka chinthu chimodzi. Mizere ya mtengo imene mumaiona pa shelefu yanu ndi chithunzi chabe. Bambo wa pa Migowiyu zimenezi amazidziwa ndi zala. Amadziwa kuti banga lingakhale malo atatu: pamwamba pa khungu, m'timing'alu ta khungu, kapena pansi pake. Ntchito yonse yagona pa kuzindikira kuti ili n'la pati.

Mashelefu a m'golosale amabwera ndi mbiri ya malonda onse a mwini wake. Apa panakhala chigubu cha mafuta oyezera m'timachubu. Apa zitini zinasiya mphete za dzimbiri. Apa shuga ndi Sobo zinagwirana ndi fumbi n'kupanga phula lakuda. Apa mwana wa mwini sitolo analemba mitengo ndi maka, n'kufufuta, n'kulembanso pamene zinthu zinakwera. A m'sitolo ya mankhwala amabwera ndi GV, mankhwala apepo aja a pazilonda, amene akadontha pa bolodi loyera amakhala ngati abwera kudzakhazikika.

Pochapa, iye amayamba ndi chofooka kupita ku champhamvu, ndipo sadumpha sitepe. Choyamba ndi madzi ofunda ndi sopo, pa nsanza yofinya bwino kuti madzi asatsetserekere m'mphepete. Mabanga ambiri amathera pomwepo, zomwe zimachititsa manyazi eni ake pang'ono. Chotsala amachipaka soda wophikira therere uja, atamusakaniza ndi timadzi kukhala phala, n'kumusiya kanthawi, kenako n'kupukuta mosakhuta dzanja. Dzimbiri amalifinyira ndimu. Inki ya maka, GV ndi zomata za selotepi amazithira spiriti, ndipo apa pali kaluso kena: amayambira kunja kwa banga kulowera pakati, n'kumatembenuza nsanza nthawi ndi nthawi, chifukwa ukayambira pakati umangolimwaza banga laling'ono n'kukhala lalikulu. Thinner amamutulutsa pokhapokha spiriti akalephera. Jik ndiye womaliza, wosungunula m'madzi, kwa kamphindi kochepa, n'kutsukuluza msanga, ndipo amayamba wamuyesa kuseri komwe sikuoneka. Jik wosiyidwa nthawi yaitali amachotsa banga limodzi ndi mtundu wa bolodi, n'kusiya chigamba choyera chimene palibe angachibweze.

Tsiku lina mnyamata wake wophunzira ntchito, ataona banga lokanika, anatambasula dzanja kuti atenge steel wool. Bamboyo sanakalipe. Anangoti, "Iwe, tabwera nacho kuno chidutswa icho," n'kumupatsa kachidutswa kotaya ka Formica kuti akwechepo. Mnyamata anakwecha, pamalopo panayera bwino. Kenako bamboyo anadonthezapo tiyi, n'kudikira, n'kupukuta. Pomwe sanakweche panachoka. Pomwe anakwecha tiyi anatsalira m'timikwingwirima. "Mwaona, amisiri?" anatero mnyamatayo yekha, akuseka mwamanyazi. Amayi ambiri akhama, ozolowera kukwecha mapoto ndi mchenga kapena phulusa, amawononga mashelefu awo mwa njira yomweyi, chifukwa cha ukhondo womwewo.

Koma kwathu kuno mdani wamkulu wa shelefu sabwera kuchokera pamwamba. Amachokera pansi. Phalombe ndi chigwa chogona m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi, ndipo madzi timawadziwa. Akuluakulu amakumbukirabe napolo wa mu March 1991, nthawi imeneyo tikadali mbali ya boma la Mulanje, pamene miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, amene anasakaza kwambiri madera monga Nkhulambe. Nyumba zimene zinapulumuka zinatsala ndi mzere wa matope pakhoma, ndipo mzere womwewo unalinso pa makabati ndi mashelefu. Komabe, kunena zoona, kukolopa kwa m'mawa uliwonse kwapha mashelefu ambiri kuposa anamondwe onse. Madzi pang'ono lero, pang'ono mawa, m'mphepete mwa pansi momwe fakitale sinamatemo kanthu.

Chipboard akamwa madzi amafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo akauma sabwerera mwakale. Khungu limayamba kusendeka, m'kati mumachita chuku, mphemvu n'kupezamo nyumba. Banga lakuda loonekera m'mphepete limakhala likuchokera pansi pa khungu, kotero palibe sopo angalifikire. Apa ndi pomwe mmisiriyu amasiya nsanza n'kuyamba ukalipentala.

Amayamba waumitsa shelefuyo pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, poopa kuti ingapindike. Kenako amabaya ndi msomali kuchokera pansi kukwera m'mwamba mpaka atafika pomwe bolodi likukana. Amalemba mzere pamwamba pang'ono pa malowo n'kudula ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, khungu likuyang'ana kumwamba kuti lisathetheke. Ngati khungulo ndi Formica weniweni womatidwa ndi guluu, amayesa kulipulumutsa. Amayala pepala, n'kuyendetsapo simbi ya makala yosatentha kwambiri, guluu wakale n'kufewa, ndipo amalowetsa mpeni wopyapyala pang'onopang'ono, simbi patsogolo, mpeni pambuyo. Akafulumira khungu limathyoka, simbi ikakhalitsa malo amodzi limachita matuza. Ngati ndi melamine, sataya nthawi, chifukwa ameneyo anawotcherera ku bolodi kufakitale ndipo sasendeka wamoyo. Ameneyo amangomuveka khungu lina pamwamba, ndipo iyi ndi nthawi yokhayo imene mungamuone atagwira sandipepa pa khungu, kulikwecha dala kuti guluu apeze pogwira.

Pomwe wadula amalumikizapo blockboard, monga uja wa Raiply wa ku Chikangawa, kapena thabwa lenileni louma bwino. Ndiye pamabwera gawo limene ndimasiya kulankhula ndikamaonerera. Guluu womatira Formica amapakidwa mbali zonse ziwiri, mopyapyala, ndi kachidutswa kokhala ndi timano, kenako amasiyidwa mpaka ataoneka ngati wauma. Bamboyu amamuyesa ndi kumbuyo kwa chala. Akamatirira, sanafike. Akafika, mbali ziwirizo zikangokhudzana zagwirana, palibe zosuntha kapena kuwongola. Choncho amayala timitengo tansungwi pa bolodi, n'kugoneka khungu pamwamba pa timitengoto, n'kuliwongola bwinobwino lili m'malere. Akakhutira amasolola kamtengo ka pakati, n'kukanikiza. Amasolola kotsatira, n'kukanikiza, kuchokera pakati kupita m'mphepete, kuthamangitsa mpweya kuti usatsekeredwe m'kati. Pomaliza amagogoda ponseponse ndi hamala kudzera pa kathabwa kokulunga nsanza.

Khungu amalidula lokulirapo dala, ndipo zotsalira m'mphepete amazidya ndi tupa. M'mafakitale ntchito imeneyi ndi ya makina. Iye amagwira tupa mopendeketsa, n'kumakankhira pansi kokha, osabweza m'mwamba, chifukwa kubweza kumanyamula khungu. Amamvetsera. Tupa akamadya zotsalira amalira mokalipa, akafika pa bolodi mawu amasintha, ndipo iye amaima pomwepo. Mukayendetsa chala m'mphepete simumva polumikiza.

Za mtundu ndiye nkhani ina. Khungu lakale linafwifwa ndi dzuwa, latsopano n'lowala, ndipo ngakhale mutapeza la mtundu womwewo ku Limbe sizingafanane. Iye ali ndi thumba la zidutswa zimene wakhala akusunga, koma nzeru yake yeniyeni ndi yosinthanitsa. Bolodi la pansi kapena la kuseri lomwe likadali labwino amalikweza pamalo oonekera, ndipo lokonzedwalo amalitsitsa komwe kumakhala matumba a mchere. Mabowo a masikuluu amene anakula amawatseka ndi kamtengo koviika mu guluu, n'kuboolanso. Asanakhome chakumbuyo amayeza ndi chingwe kuchokera pangodya kukafika pangodya inzake, mbali zonse ziwiri, mpaka zitafanana. Akatha amachita chimene fakitale sinachite: amamata m'mphepete monse mwa pansi ndi vanishi, n'kuikira shelefuyo miyendo ya thabwa lolimba kuti ichoke pa simenti.

Pali zimene amakana, ndipo ndimamulemekeza nazo. Popsa ndi kandulo usiku wa magetsi ozima, kapena ndi koyilo ya udzudzu, amanena poyera kuti sipangachapike, pamafunika chigamba kapena khungu latsopano. Mayi wina atafunsa kuti, "Bambo, bwanji mungoipaka penti yonse?", iye anamufotokozera kuti penti wamba sagwira pa khungu loterera, amayamba kusupuka chikhadabo chikangomukhudza. Ndipo shelefu ikafufuma kufika pakati, amauza mwini wake kuti ndalama zake asazitaye, achotsepo magalasi ndi mahinjesi basi.

Ine sindine wokonda chipboard. Kabati ya mlombwa ya agogo idzakhalapobe mashelefu onsewa atasanduka utuchi. Koma mlombwa uli kuti lero? Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, ndipo Michesi wayera m'malo ambiri. Zimene anthu ali nazo ndi zimenezi: mashelefu ogula ku Limbe, makabati otumizidwa ndi ana a ku Joni. Formica amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unakwera. Amagulitsidwa wa mafiti 8 kwa 4, ndipo kuti afike ku Phalombe osang'aluka pa minibasi ndi nkhani ya mapemphero. Munthu amene angathe kupulumutsa shelefu ndi ndimu, soda ndi chidutswa cha m'thumba akusungira wa golosale ndalama ya mpamba.

Ngati yanu yayamba kuda m'mphepete kapena kusendeka pansi, musaikweche ndipo musaimate ndi selotepi. Pitani nayo kwa mmisiri nyengo ya nandolo, kuyambira August mpaka October, pamene m'thumba muli kangachepe ndipo mpweya ndi wouma, pakuti guluu womatira Formica uja sagwirizana ndi chinyezi cha dzinja. Poyembekezera, ikwezeni pa njerwa musanakolope.