Amisiri Odzutsa Timabokosi ta Gitala

Anthu akamamvera gitala ya Jimi Hendrix ikulira mosasa, maganizo amathamangira pa zala zake. Ndi ochepa amene amakumbukira Fuzz Face, kabokosi kachitsulo kozungulira komwe ankaponda ndi phazi kuti gitalayo ilire motero, ndipo amisiri okonza timabokosi takale totere satchulidwa n'komwe.

Mmisiri wake sapupuluma. Amayamba wayeza batire ya mavoliti 9, kenako timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda, tomwe timaduka chifukwa chokokedwakokedwa posintha batire. Amapotokola kabatani pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, kumvetsera ngati fumbi likukwecha m'kati. Akamamata ndi mtovu, kautsi konunkhira utomoni kamakwera kumaso.

Luso lenileni limaonekera pa matransisita awiri a germanium. Amenewa ngovuta ndithu: kunja kukangotentha, kamvekedwe kasintha. Mmisiri amawayeza limodzilimodzi mpaka atapeza awiri omvana. Kuikamo a silicon n'kosavuta, koma mawu amatuluka akuthwa, ndipo ine sindiwakonda kwenikweni. Pakanapanda kuleza mtima kumeneku, kulira kokhuthala kuja, komwe kumayera woimba akangochepetsa voliyumu ya gitala, tikanamangokumva m'malekodi akale.