Liwiro si changu: mawu amene amasokoneza ogula RAM

Pa bokosi la RAM ya DDR4 pamakonda kulembedwa kuti "3200 MHz". Wogulitsa akamafotokoza m'Chichewa amangoti "liwiro lake ndi 3200", wogula n'kukhutira. Kachiganizo kameneka kali ndi mavuto atatu, ndipo lachitatulo Chichewa chikhoza kulithetsa chokha.

Loyamba ndi nambalayo. Dzina loti DDR limatanthauza kuti deta imatumizidwa kawiri pa kugunda kumodzi kwa wotchi ya m'kati. Ndiye wotchi ya DDR4-3200 imagunda pa 1600 MHz basi. Nambala ya 3200 ikuwerenga kangati deta imatumizidwa, mamiliyoni pa sekondi, ndipo chizindikiro chake cholondola ndi MT/s. N'chifukwa chake pulogalamu ya CPU-Z imaonetsa 1600, munthu n'kuyamba kudandaula kuti amubera. Sanamubere, amupatsa mawu olakwika.

Lachiwiri ndi mawu oti "lake", ngati kuti liwirolo RAM imabadwa nalo. RAM yambiri ya ochita masewera mukangoyiika imayambira pa muyezo wa bungwe la JEDEC, kawirikawiri 2133 kapena 2400 pa mavolti 1.2. Kuti ifike pa zolembedwa pa bokosi, mumalowa mu BIOS n'kuyatsa XMP, imene Intel inabweretsa mu 2007, kapena EXPO ya AMD ya mu 2022 ngati ndi DDR5. Pa DDR4 mavolti amakwera kufika 1.35. Kumeneku ndi overclocking kale, ngakhale bokosi silinena.

Nanga overclocking tiziti chiyani? "Kuthamangitsa" ndi mawu amene amabwera msanga pakamwa, koma sakundikhutiritsa. Timathamangitsanso wakuba, komanso mawuwa sanena kuti pali malire amene tadumpha. "Kupyoletsa muyezo" ndi bwinoko, chifukwa chenjezo lili m'mawu momwemo. Ndipo chenjezolo n'lofunika: RAM ikalephera kupirira, kompyuta imazima yokha kapena mafayilo amaonongeka mwakachetechete. Mpake odziwa amaiyesa kwa maola angapo ndi MemTest86 asanaikhulupirire.

Vuto lachitatu ndi "liwiro" lenilenilo. Taganizani za minibasi imene imauluka pamsewu koma imatha ola lathunthu pa depoti kudikira anthu. Ili ndi liwiro, ilibe changu. RAM nayonso ili ndi ziwirizi. MT/s ndi liwiro, pomwe nambala ya CL, monga CL16, imanena kuti wotchi igunda kangati RAM isanayankhe. Kuti mupeze nthawi yeniyeni, chulukitsani CL ndi 2000, mugawe ndi MT/s. DDR4-3200 CL16 imapereka mananosekondi 10. DDR4-3600 CL18 ndi 10 yemweyo. DDR5-6000 CL30, zoona, 10 kachiwiri. Liwiro lakwera pafupifupi kawiri, changu chili pomwepo.

Amalonda a Chingerezi amaunjika zonsezi m'mawu amodzi oti speed, ifenso n'kumangotsatira. Chikhalirecho agogo athu akatuma mwana ankadziwa kusiyanitsa waliwiro ndi wachangu. Pa nkhani iyi sitikufunika kubwereka kapena kupeka mawu atsopano.

Choncho amene mukulemba kapena kuphunzitsa za makompyuta m'Chichewa, yesani kunena motere: RAM iyi liwiro lake ndi 3200 MT/s mukaipyoletsa muyezo, changu chake ndi mananosekondi 10. Chiganizochi n'chachitaliko, koma wogula akachimva adziwa chimene akulipira.