Mawu a M'macheza Akalowa M'zolembedwa: Makina, Intaneti, Kachirombo ndi Masewera

Nkhani za umisiri wamakono ndi za sayansi zidalowa kale m'macheza a tsiku ndi tsiku. M'minibasi, pa chigayo, m'chipinda cha aphunzitsi ngakhalenso pa bawo, anthu amapereka maganizo awo pa za mafoni, mtengo wa bandulo, masewera amene ana amaswerapo tsiku lonse, ndi zimene amva kuti akatswiri atulukira. Macheza otere ndi abwino, pakuti chiyankhulo chimakulira momwemo. Vuto limene nkhani ino ikuunika ndi lakuti alembi, omasulira nkhani ndi oulutsa mawu ambiri amatola mawu a m'machezawa n'kuwaika pa pepala monga momwe awamvera, osayamba awayesa ngati angathe kusenza tanthauzo limene akuwasenzetsa.

Kuyankhula n'kosiyana ndi kulemba. Munthu akauza mnzake kuti "chijachi chavutanso", mnzakeyo amamva chifukwa akuona chimene chikulozedwa, ndipo akapanda kumva amafunsa. Wowerenga alibe mwayi umenewu. Iye ali ndi mawu okhawo amene ali pa pepala. Motero mawu amodzi akamaimira zinthu zisanu, wowerenga amasankhapo chimodzi mongoganizira, ndipo nthawi zina amasankha cholakwika. M'nkhani za umisiri ndi sayansi zolembedwa m'Chichewa muli mawu anayi amene alemedwa ndi katundu wotere: makina, intaneti, kachirombo ndi masewera.

1. Makina

Kale dzina ili silinkasokoneza chifukwa linkayenda ndi mfotokozi wake: makina osokera, makina olembera. Lero kompyuta ndi makina, foni ndi makina, chipangizo chotulutsa ndalama pa khoma la banki ndi makina, ndiponso pulogalamu imene ili m'kati mwa foni, imene munthu sangaigwire ndi manja, ikutchedwa makina. Apa alembi afafaniza malire ofunika pakati pa chipangizo chogwirika ndi malangizo amene amachiyendetsa. Chiganizo chakuti "makina awonongeka" sichiuza mwini foni ngati ayenera kupita nayo kwa mmisiri, kugula ina, kapena kungochotsa pulogalamu imodzi n'kuiikamonso.

Chisokonezo chidakula pamene pulogalamu ya ChatGPT idatulutsidwa mu November 2022. M'macheza idatchedwa "makina anzeru" kapena "makina oganiza", ndipo mayinawa adalowa m'zolembedwa popanda wowafunsa. Pulogalamu yotere imalumikiza mawu polosera mawu amene ayenera kutsatira anzake, potengera zolembedwa zochuluka zimene idaphunzitsidwa nazo. Pa chifukwa ichi imatha kunena zabodza m'chiyankhulo chosalala bwino. Wowerenga wamba adazolowera kuti makina owerengera masamu saphonya. Mlembi akalemba kuti "makina anzeru ayankha kuti", wapatsa yankholo ulemu umene silinauyenere, ndipo wophunzira adzalikopera m'kope ngati choona.

Chichewa chili nayo njira yakeyake yotchulira zipangizo. Chigayo ndi makina, koma chili ndi dzina lake. Mjigo nawonso uli ndi dzina lake. Pamene dzina limodzi lidakhala ndi zinthu ziwiri, eni chiyankhulo adawonjezera mfotokozi: njinga yakapalasa ndi njinga yamoto, sitima ya pamtunda ndi sitima ya pamadzi. Mlembi amene amatcha zonse makina wasiya njira imene chiyankhulo chidalambula kale.

2. Intaneti

Intaneti ndi kulumikizana kwa makompyuta a m'mayiko onse. Chiyambi chake chili m'dziko la America, kumene makompyuta anayi adalumikizidwa mu 1969. Njira yoikira masamba pa intaneti idabwera pambuyo, pamene Tim Berners-Lee adaiganizira mu 1989 ali pa ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Facebook idayamba mu 2004 ndipo WhatsApp mu 2009. Ziwirizi ndi malonda a kampani imene imadutsitsa ntchito zake pa intaneti, monga momwe mwini basi amadutsitsira basi yake pa msewu umene suli wake.

M'macheza zonsezi zimatchedwa intaneti, ndipo alembi amatsatira. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidasiya kugwira ntchito pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Kunena kuti tsiku limenelo "intaneti idathima" n'kulakwitsa, pakuti masamba ena onse ankatsekuka ndipo makalata a pa kompyuta ankayenda. Chidavuta ndi kampani imodzi. Wina anganene kuti kusiyanitsa kotere ndi kwa akatswiri okha, koma kumakhudza thumba la munthu wamba. Makampani a mafoni amagulitsa bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Wophunzira amene wawerenga kuti zimenezi ndiye intaneti amagula bandulo yotere, kenaka n'kudabwa kuti tsamba la sukulu ya ukachenjede, pamene akufuna kulembetsa dzina, silikutsekuka.

Mawu akuti netiweki nawonso ali pa vuto lomweli. "Netiweki palibe" angatanthauze kuti foni ili kutali ndi nsanja, kuti makompyuta a ku banki sakulumikizana, kapena kuti bandulo yatha. Pocheza zimenezi zimamveka. Polemba, mlembi ayenera kutchula chimene chaduka.

Komabe pali mawu ena amene macheza adabereka ndipo ndi oyenera kuyamikiridwa. Dzina lakuti tsamba lidachoka pa mtengo n'kupita m'buku, tsopano lafika pa intaneti popanda kutaya tanthauzo. Mawu akuti masamba a mchezo amanena bwino lomwe ntchito ya Facebook ndi anzake. Kutchaja, mayunitsi ndi foni ya m'manja ndi mawu amene aliwonse ali ndi chinthu chimodzi chimene amaimira. Izi zikuonetsa kuti gwero la mawu si limene lili ndi mlandu. Chofunika ndi chakuti mawuwo aloze chinthu chimodzi.

3. Kachirombo

Pa mawu onse anayi, awa ndi amene kusokoneza kwake kungathe kuwononga moyo. Chifuwa chachikulu chimayamba ndi bakiteriya amene Robert Koch adamutulukira mu 1882. Kolera nayenso amayamba ndi bakiteriya. Edzi imayamba ndi vairasi amene adadziwika mu 1983, ndipo chimfine ndi Covid-19 zimayambanso ndi mavairasi. Malungo amayamba ndi kamoyo ka mtundu wina kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu. Zonsezi m'Chichewa cholembedwa zimatchedwa tizirombo, pamodzi ndi anankafumbwe a m'nkhokwe ndi pulogalamu yowononga imene imalowa m'kompyuta.

Mankhwala a gulu la penisilini, amene Alexander Fleming adawatulukira mu 1928, amapha mabakiteriya koma alibe mphamvu pa mavairasi. Mlembi akawatcha "mankhwala opha tizirombo", ndipo m'ndime ina n'kulemba kuti chimfine chimayamba ndi kachirombo, wowerenga amaphatikiza ziganizo ziwirizi mwanzeru ndithu, n'kukagula makapusozi oti amwere chimfine. Chimfinecho chimatha chokha pa nthawi yake, koma mabakiteriya a m'thupi amazolowera mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene adzafunikedi sagwiranso ntchito. Wowerengayo sadalakwe kuganiza. Adasokeretsedwa ndi mawu.

Mu 2020 kudamveka mphekesera yakuti nsanja za mafoni za mtundu wa 5G zimafalitsa Covid-19, ndipo mu April chaka chimenecho anthu ena ku Britain adatentha nsanja zingapo. Vairasi wa m'thupi sangayende pa mphepo ya wailesi, ndipo matendawa adafala ngakhale m'madera amene mudalibe 5G. Mphekeserayi sidayambire m'Chichewa. Koma mlembi wa Chichewa amene adalembapo kale kuti "kachirombo kamalowa m'foni kudzera pa intaneti" amapezeka kuti alibe mawu oitsutsira, pakuti iye mwini adatcha zinthu ziwirizi dzina limodzi.

Dzina lakuti kachirombo lisatayidwe, chifukwa ndi limene anthu amalidziwa. Likhale dzina la gulu lonse, ndipo potchula koyamba mlembi anene mtundu wake: kachirombo ka mtundu wa vairasi, kachirombo ka mtundu wa bakiteriya. Za m'kompyuta zitchedwe pulogalamu yowononga, popeza ndi munthu amene amailemba.

4. Masewera

Mpira, bawo, phada ndi fulaye ndi masewera. Amene ana amachita pa foni kapena pa kompyuta nawonso ndi masewera, ndipo palibe cholakwika kuwatcha motero. Msampha uli m'Chingerezi, mmene mawu amodzi akuti "gaming" amaimira masewera a pa kompyuta komanso njuga. Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority ntchito yake ndi kuyang'anira njuga ndi mipikisano ya mwayi, osati masewera a ana. Womasulira amene amangoona mawu a Chingereziwa n'kulemba kuti masewera amabisa ndalama zimene zikutayika m'nkhaniyo.

Chichewa chili nawo mawu akuti njuga, kutchova njuga ndi kubetcha, ndipo aliyense amadziwa kulemera kwake. Njuga ina ya pa foni anthu adaitcha kandege. Mphatikiram'mbuyo ka- ndi wochepetsa, ndipo amapangitsa chinthucho kumveka ngati choseweretsa cha mwana. Pocheza dzinali ndi lokoma. Koma mlembi amene alemba kuti "achinyamata akukonda masewera a kandege", osatchula kuti ndi njuga, wanamiza kholo limene likuwerenga. Kholo limene lamva kuti mwana akusewera silichita mantha ngati limene lamva kuti mwana akutchova njuga.

Akatswiri a zaumoyo nawonso amasiyanitsa ziwirizi. M'ndandanda wa matenda umene bungwe la World Health Organization lidavomereza mu 2019, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022, kulephera kudziletsa pa masewera a pa kompyuta ndi kulephera kudziletsa pa njuga zidalembedwa ngati mavuto awiri osiyana. Nkhani ya m'Chichewa yonena za ndandandawu singamveke ngati zonse ziwiri zitatchedwa masewera.

5. Zoyenera kuchita

Ena amaganiza kuti mankhwala a vutoli ndi kukana mawu obwereka n'kupeka a Chichewa chenicheni. Zotsatira zake kawirikawiri zimakhala ziganizo zazitali, monga "chipangizo chosunga ndi kusanthula uthenga", zimene palibe amazinena pa msika kapena m'kalasi. Galimoto, sukulu, buku ndi wailesi ndi mawu obwereka amene lero palibe amawayesa achilendo. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Vairasi ndi bakiteriya ndi alendo otere, popeza amalekanitsa zinthu zimene dzina lakuti kachirombo lidaziphatikiza.

Mawu obwereka alandiridwe potsata kalembedwe ka Chichewa. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yosamalira chiyankhulo idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996. Ngakhale malamulowa adalembedwa mafoni a m'manja asadafale, akukwanirabe pa mawu atsopano. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, motero kulembedwe intaneti, netiweki, vairasi. Dzina lakuti kompyuta lilembedwe motere nthawi zonse, pakuti phatikizo la "py" lilipo kale m'mawu ngati kupyola. Nyuzipepala imodzi isalembe kompyuta pa tsamba loyamba, komputa pa lachitatu ndi kompiyuta pa lomaliza. Agwirizanitsi atsatire gulu la dzina: foni yanga, mafoni anga, pulogalamu iyi, mapulogalamu awa. Mayina a makampani ndi a malonda, monga Facebook ndi WhatsApp, asiyidwe monga momwe eni ake amawalembera.

Mkonzi asadavomereze nkhani ya umisiri kapena ya sayansi, adzifunse mafunso atatu. Kodi dzina lililonse m'nkhaniyi likuimira chinthu chimodzi kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza? Kodi Chichewa chili nalo kale dzina lachindunji limene mlembi walilumpha? Kodi wowerenga akachita zimene chiganizochi chikumuuza, agula chinthu choyenera, amwa mankhwala oyenera? Funso lachitatu ndi limene limaiwalika kwambiri, chifukwa mkonzi amayang'ana malembo ndi zizindikiro za m'kalembedwe, n'kuiwala kuti wowerenga adzachitapo kanthu.

Aphunzitsi a Chichewa ali ndi gawo lawo. Ophunzira angathe kupatsidwa ndime ya m'nyuzipepala, n'kuuzidwa kuti atseke mzere kunsi kwa makina, intaneti, kachirombo ndi masewera paliponse pamene mawuwa apezeka, kenaka alembe chinthu chenicheni chimene akuimira pa malo alionse. Ntchito yotere sifuna kompyuta kapena magetsi. Ophunzira amene azolowera kufunsa kuti "makina ati?" kapena "kachirombo ka mtundu wanji?" ndi amene adzalembe ndi kukonza nkhani za sayansi m'Chichewa m'zaka zikubwerazi.