Kusunga Moto M'manja: Luso la Deki ya Kombo mu Hearthstone

Aliyense amene ankasewera Hearthstone pakati pa 2014 ndi 2016 sangaiwale nambala ya 14. Ukakumana ndi wosewera ngwazi ya Druid, moyo wa ngwazi yako n'kutsika kufika pa 14 iye atakwanitsa mana 9, unkadziwiratu kuti zako zada. Makhadi awiri okha ndiwo ankamaliza nkhani. Force of Nature, la mana 6, linkaponya pabwalo mitengo itatu yoyenda, uliwonse wa mphamvu 2, yololedwa kumenya pompopompo. Savage Roar, la mana 3, linkawonjezera 2 kwa aliyense wa mbali ya Druidyo, ngwazi yomwe. Mtengo uliwonse ukamenya 4, ngwazi n'kuwonjezapo 2, zakwana 14, masewera atha. Kombo ndi imeneyi: makhadi amene paokha ndi wamba, koma akakumana pa ulendo umodzi amagwetsa munthu amene amaoneka ngati adakali chilili.

Masewerawa, amene kampani ya Blizzard Entertainment inatulutsa mu Malichi 2014, ali ndi malamulo ochepa koma othina, ndipo luso la kombo limabadwira m'kuthinako. Deki imakhala ndi makhadi 30. Khadi limodzi sililowa koposa kawiri, ndipo makhadi apamwamba otchedwa Legendary amalowa kamodzi kokha. Ngwazi imayamba ndi moyo 30. Mana, omwe umalipira kuti khadi liseweredwe, amayamba pa 1 n'kumakwera ulendo uliwonse mpaka 10. Ulendo uliwonse umatola khadi limodzi, koma m'manja simulowa makhadi oposa 10. Lina likabwera manja atadzaza, limapsa uli kuliona.

Anthu ambiri akamakamba za madeki a kombo amathamangira ku ulendo womaliza, pamene moto umalakatika ndipo mnzako amagwa kamodzin'kamodzi. Ine ndimaona kuti ulendo umenewo ndi wosavuta kuposa onse. Luso lenileni lili m'maulendo a m'mbuyo, pamene munthu akumenyedwa, chida chili m'manja, koma akudziletsa kuchiponya.

Kumanga deki yotere kumayamba ndi masamu. Tiyerekeze kuti ukufuna makhadi awiri osiyana, ndipo lililonse waliika kawiri. Ngati ndiwe woyamba kusewera, pofika ulendo wa 9 umakhala utaona makhadi 12 okha, ndipo tikapanda kuwerengera kusinthitsa kwa makhadi koyambirira, mwayi woti onse awiri ali m'manja ndi wa maulendo anayi pa khumi basi. Ukaona makhadi 20 mwayiwo umafika pa asanu ndi atatu pa khumi. Khadi la Legendary ndiye lovuta koposa: utapendula theka la deki, likhoza kukhala kuti lafika kapena lidakali pansi, mwayi wake ndi wofanana. N'chifukwa chake womanga deki wanzeru amaika mtima pa makhadi otolera ena, kenako pa makhadi omusunga ndi moyo kufikira zidutswa zitakumana. Chidutswa chilichonse cha kombo chimene chabwera msanga chimangogona m'manja, osagwira ntchito. Munthu wa zidutswa zisanu zogona amakhala akusewera ndi theka la manja pamene mnzake akusewera ndi onse. Funso limene womanga amalimbana nalo usiku wonse ndi loti angapirire makhadi ogona angati asanafe nawo m'manja.

Pa muyeso umenewu, kombo ya Druid ija ndimaiona kuti inali yotchipa mopitirira. Inkangodya malo anayi pa 30, ndipo malo ena onse Druid ankadzazamo asilikali abwino ngati deki ina iliyonse. Sankapereka nsembe iliyonse kuti akhale ndi nkhonya ya 14. Pamene Blizzard inasintha Force of Nature mu Epulo 2016, n'kuichotsera mphamvu yomenya pompopompo, inachita bwino.

Deki imene imaonetsa lusoli mokwanira ndi Freeze Mage. Pafupifupi khadi lililonse m'menemo limagwira imodzi mwa ntchito zitatu, kutola makhadi, kusunga moyo kapena kumaliza mdani, ndipo dekiyo ilibe chidwi cholanda bwalo. Acolyte of Pain amakupatsa khadi nthawi iliyonse akavulazidwa, kotero Mage amatha kumulasa yekha msilikali wakeyo ndi mphamvu ya ngwazi yake kuti atole khadi. Frost Nova imaumitsa asilikali onse a mdani kwa ulendo umodzi. Ukaiphatikiza ndi Doomsayer, amene amasesa bwalo lonse akangokhala ndi moyo kufikira ulendo wako wotsatira, mana 5 okha amafafaniza zonse zimene mnzako wamanga. Ice Block ndi chinsinsi chimene chimakana nkhonya yomwe ikanakupha, n'kukusiya wosakhudzika mpaka ulendowo utatha. Pamwamba pa zonsezi pali chinjoka Alexstrasza, cha mana 9, chimene chimaika moyo wa ngwazi iliyonse pa 15, kaya unali pamwamba kaya unali pansi.

Tione bwalo limodzi pafupi. Uli ndi mana 9 ndi moyo 11. Mnzako ali ndi asilikali asanu ndi moyo wosakhudzidwa, 30. Ice Block yako yatchera kale. M'manja muli Alexstrasza, Fireball awiri, Frostbolt ndi Frost Nova. Ukaponya Alexstrasza pa mnzako, moyo wake ugwa pa 15. Iye akumenya ndi asilikali onse, Ice Block ikuwombola, ndipo ulendo wotsatira uli ndi mana 10: Fireball aliyense amadya mana 4 n'kuchotsa 6, Frostbolt amadya 2 n'kuchotsa 3. Mana 10 ndendende, moyo 15 ndendende, osatsala kanthu. Koma mnzakoyo akangodzichiritsa ndi 1 yekha, masamu onse agwa, ndipo ulibenso chotchinga. Akaponya Loatheb, amene amakweza mtengo wa matsenga ako ndi 5 pa ulendo wotsatira, Fireball mmodzi akudyera mana 9 ndipo nkhani yathera pomwepo. Njira ina ndi kuponya Frost Nova, kusunga Ice Block, n'kudikira Ice Lance kapena moto wina wowonjezera. Njira yachitatu, imene ongoyamba kumene saiganizira n'komwe, ndi kudziponyera wekha Alexstrasza kuti moyo ukwere kuchoka pa 11 kufika pa 15. Palibe buku limene lingakuuze njira yolondola. Yankho lili m'zimene wakhala ukuona kuyambira ulendo woyamba: makhadi ochiritsa amene mnzako waponya kale, khadi lija wakhala akulisunga kumapeto kwa dzanja kuyambira pachiyambi, ndi zimene zatsala mu deki yako. Wosewera Freeze Mage wabwino amadziwa pamtima makhadi ake otsala, ndipo amawerenga a mnzake ngati ake omwe.

Chovuta kwambiri mu deki imeneyi ndi chakuti moto womwewo umene ukusungira nkhope ya mdani ndi umenenso ungapulumutse moyo wako lero. Fireball aliyense woponyedwa pa msilikali ndi 6 wochotsedwa pa nkhonya yomaliza. Wamantha amawotcha zonse pa asilikali n'kufika kumapeto manja ali lende. Waumbombo amafa Fireball awiri ali m'manja. Pakati pa awiriwa pali kanjira kopapatiza, ndipo kuyendamo bwino n'kumene ndimakutcha luso.

Patron Warrior wa 2015 anali wa mtundu wina. Kumeneko kudikira kunalipo, koma ulendo womaliza nawonso unali ndi ntchito yoswetsa mutu. Grim Patron, amene anabwera ndi Blackrock Mountain mu Epulo chaka chimenecho, ndi msilikali wa mphamvu 3 ndi moyo 3 amene amabala mnzake nthawi iliyonse akavulala koma osafa. Whirlwind imachotsa 1 kwa msilikali aliyense pabwalo, wako ndi wa mdani yemwe. Ikawomba koyamba, Patron mmodzi asanduka awiri, kachiwiri, anayi, kachitatu woyamba uja amafa, koma atatu otsalawo amabalanso, n'kukhala asanu ndi mmodzi. Warsong Commander ankalola msilikali aliyense wongofika, wa mphamvu yosaposa 3, kumenya pompopompo. Frothing Berserker amafika ndi mphamvu 2, kotero ankalandira chilolezocho, kenako n'kumakula ndi 1 nthawi iliyonse msilikali wina aliyense akavulala. Whirlwind imodzi pabwalo lodzaza inkamusandutsa chilombo.

Koma taonani misampha yake. Mbali imodzi ya bwalo imangolola asilikali 7, kotero ukadzaza msanga ma Patron atsopano alibe pofikira. Warsong Commander mwiniwake anali ndi moyo 3, ndipo Whirlwind yachitatu inkamupha. Kumenya kulikonse kunkasintha nambala za onse. Ndipo zonsezi zinkayenera kuchitika m'masekondi 75, chingwe chochenjeza za kutha kwa nthawi chikunyeka pakati pa bwalo, makanema a Patron aliyense wobadwa akudyanso nthawi. Munthu sankatha kuyamba kuganiza ulendo wake utafika. Ankayenera kuwerengeratu mnzake akusewera, monga katswiri wa bawo amene amayendetsa maso m'maenje onse dzanja lisanagwire kanthu, kotero kuti akayamba kutakata amadziwa kale pamene akagonere. Akatswiri ambiri ankaiona deki imeneyi ngati imodzi mwa zovuta zedi kuisewera bwino, ndipo kusiyana kwa wodziwa ndi wongokopera mndandanda wa makhadi pa intaneti kunkaoneka poyera. Blizzard inasintha Warsong Commander mu Okutobala 2015, kutatsala pang'ono mpikisano wa dziko lonse ku BlizzCon. Ndimamvetsa chifukwa chake, poti kuphedwa uli ndi moyo wonse bwalo la mnzako lili lopanda kanthu kumawawa. Komabe inalidula kwambiri moti khadilo linasanduka lopanda ntchito, ndipo masewerawa anataya china chake chamtengo wapatali. Patron anapitirizabe kuseweredwa, koma ngati deki yolanda bwalo, yopanda nkhonya ija.

Odandaula za kombo ali ndi mfundo, ndipo sindiipeputsa. Masewera a makhadi ndi kukambirana kwa anthu awiri, ndiye pali madeki amene amamusandutsa winayo woonerera chabe. Exodia Mage, amene anatchuka mu 2017 ndipo dzina lake linachokera ku Yu-Gi-Oh!, ankasonkhanitsa ma Sorcerer's Apprentice anayi, aliyense akutsitsa mtengo wa matsenga ndi 1, kufikira Fireball atakhala waulere. Archmage Antonidas amakupatsa Fireball wina nthawi iliyonse ukaponya tsenga, ndiye motowo sunkatha. Kaya uli ndi chishango chotani, unkafa basi. Shudderwock wa mu 2018 ankabwereza zimene makhadi am'mbuyo anachita pofika pabwalo kwa nthawi yaitali moti Blizzard inachita kufupikitsa makanema ake ndi kuika malire. Kwa amene anaziganiza koyamba, zimenezi ndi nzeru zogometsa. Koma kombo imene nambala yake ilibe malire imachotsa chinthu chimene chimakometsa Freeze Mage: kuti 15 ndi 15, ndipo mnzako akhoza kulimbana kuti akhale pa 16. Warrior amene amawonjezera chishango cha 2 ulendo uliwonse ankamuvutitsa Freeze Mage pafupifupi nthawi zonse, ndipo kufooka koteroko kunali mbali ya ulemu wa dekiyo.

Chimene chinabwezeretsako kukambirana ngakhale m'madeki ouma mtimawo ndi kakhadi ka mana 2, Dirty Rat, ka mu Mean Streets of Gadgetzan ya mu Disembala 2016. Kamakoka msilikali mmodzi mwachisawawa kuchokera m'manja mwa mdani n'kumuponya pabwalo nthawi yake isanakwane. Antonidas akakokedwa motero n'kuphedwa, Exodia yatha. Woponya Dirty Rat amayenera kusankha nthawi: akafulumira akoka kamsilikali kopanda pake, akachedwa wafa kale, ndipo nthawi zina amadzikokera chilombo chimene sangachiphe. Wa kombo nayenso anaphunzira kuyankha. Akaganiza kuti Dirty Rat ali m'njira, amaleka kuponya tiasilikali take totolera makhadi n'kutisunga m'manja pafupi ndi Antonidas, kuti khosweyo akabwera apeze anayi osankhapo m'malo mwa mmodzi. Kuchita zimenezo kumachedwetsa kombo yake ndi ulendo umodzi kapena iwiri, ndipo manja amayandikira malire a 10 pamene khadi lofunika likhoza kupsa.