Minofu pa kanema: zimene taonetsedwa ndi zimene tabisiridwa

Masiku ano nkosavuta kupeza anyamata kuseri kwa nyumba akunyamula zitsulo zakale za galimoto kapena simenti youmbira m'zitini, cholinga chawo kukuza minofu. Ambiri mwa iwo amatama dzina la Arnold Schwarzenegger. Tsono ndi bwino kuti makolofe tiunikenso kanema amene anabukitsa dzinali, Pumping Iron, wojambulidwa ndi George Butler ndi Robert Fiore, yemwe anatuluka m'chaka cha 1977.

Kanemayu akulondola ziphona zimene zinkakonzekera mpikisano wa Mr. Olympia wa 1975 ku Pretoria. Schwarzenegger, wochokera ku Austria, akuchita zolimbitsa thupi ku Gold's Gym ku California, uku akuseka ndi kucheza ndi anzake. Mdani wake Lou Ferrigno, amene anali ndi vuto la kumva kuyambira ali mwana, akukhetsa thukuta ku Brooklyn, bambo wake ali pambali kumlimbikitsa. Pomaliza Schwarzenegger akupambana kachisanu ndi chimodzi.

Tiyambe ndi kuyamikira. Kanemayu akuonetsa poyera kuti thupi ladzitho silibwera mwamwayi. Limadza ndi khama la tsiku ndi tsiku, kudya mwadongosolo ndi kupirira ululu. Mnyamata amene waphunzira mwambo wotere wapeza chinthu chimene chidzamthandiza ngakhale kusukulu ndi kumunda. Ndiponso chithunzi cha bambo woyenda ndi mwana wake mpaka tsiku logonja nchogwira mtima kwabasi.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali malo ena pamene Schwarzenegger akufotokoza kuti sanapite kumaliro a bambo wake popeza mpikisano unali utayandikira. Patapita zaka iye anati chifukwa chimenechi anangochipeka pofuna kukometsa kanema. Kwa ife zimenezi sizichepetsa nkhawa. Ngati munthu aona kuti kunyoza maliro a kholo kudzamkweza pamaso pa oonera, ndiye kuti kanemayu akugulitsa kuuma mtima ngati chizindikiro cha ngwazi. Kwathu kuno munthu wotero sitimutcha ngwazi.

Chachiwiri, kanemayu sakutiuza za mankhwala okuza minofu otchedwa masiteroidi, ngakhale Schwarzenegger mwiniyo anadzavomera kuti ankawagwiritsa ntchito m'zaka zimenezo. Dziko la America linakhwimitsa malamulo a mankhwalawa mu 1990. Madokotala amachenjeza kuti amaononga mtima ndi chiwindi, ndipo amafooketsa mphamvu yobereka. Katswiri wina wa ku Austria, Andreas Münzer, anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 31 zokha, ziwalo za m'thupi mwake zitaonongeka. Mnyamata woonera Pumping Iron amaganiza kuti zitsulo ndi chakudya nzokwanira. Akaona kuti sakufika pamene anafika ngwazi zake, amayamba kufunafuna njira yachidule.

Chachitatu, mpikisanowo unachitikira m'dziko limene panthawiyo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho, ndipo linali litachotsedwa kale m'bungwe la masewera a Olimpiki mu 1970. Ndi dziko lomwelo kumene makolo athu ambiri anathera mphamvu zawo m'migodi. Kanemayu akuyang'anitsitsa matupi opakidwa mafuta pa nsanja, koma alibe nazo ntchito za matupi a anthu akuda amene ankavutika kunja kwa holoyo.

Kodi tsono tiwaletse ana athu kuonera? Iyayi. Tikhale nawo pansi, tionere limodzi, kenaka tiwafunse: mphamvu zimenezi nza ntchito yanji, ndipo mtengo wake ndi wotani? Mnyamata anyamule zitsulo zake mwamtendere. Koma mkono umene wakulawo uzipezekanso ponyamula thumba la chimanga la agogo, ndi pokumba manda tsiku limene mudzi wagwa m'chisoni.