Kukalambira pa Ngalawa: Zimene Buku la Slocum Silinena

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene akayandikira kupuma pa ntchito amagulitsa nyumba, nagula ngalawa ya matanga, nasamukiramo. Cholinga chawo ndi kutha zaka zowatsalira akuyenda pa nyanja za mchere, mwezi uno pa dooko la dziko ili, mwezi wamawa pa dooko la dziko lina. Mabuku olimbikitsa moyo wotere ndi ambiri, koma kholo lawo ndi buku la Joshua Slocum lotchedwa Sailing Alone Around the World, limene linasindikizidwa mu 1900 ndipo likuwerengedwabe kufikira lero. Ife a kuno ku Bwanje, amene nyanja ili pakhomo pathu, ndipo ana athu ena akugwira ntchito ku Durban ndi ku Cape Town kumene ngalawa zotere zimakocheza, tiyenera kuliyesa bukuli ndi muyeso wathuwathu. Pakuti funso limene limadzutsa ndi la aliyense amene wayamba kuwerenga zaka zomutsalira pa ntchito: kodi ukalamba wanga ndikauthera kuti, nanga ndi yani?

Slocum anabadwira ku Nova Scotia, m'dziko la Canada, mu 1844. Anakhala mkulu wa zombo zikuluzikulu za matanga, koma chombo chake chinasweka pa gombe la Brazil mu 1887, ndipo sitima za nthunzi zinali zitayamba kulanda ntchito anthu onga iye. Ali pa ulova chomwecho, bwenzi lake linampatsa ngalawa yakale imene inali kuwolera pamtunda ku Fairhaven. Iye anaimanganso ndi manja ake kwa miyezi 13. Dzina lake inali Spray, ndipo utali wake unali mamita 11 okha. Pa 24 Epulo 1895, ali ndi zaka 51, ananyamuka ku Boston. Pa 27 Juni 1898 anabwerera ku America atayenda makilomita opitirira 70,000. Ndiye munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi pa ngalawa ali yekha.

Tiyambe ndi kuyamika. Bukuli linalembedwa m'mawu osavuta, ndipo mwini wake sadzitama. Amadziseka yekha posimba za wotchi yake yachabechabe ya dola imodzi, ndi za mbuzi imene anampatsa pa chilumba cha St Helena, imene inamudyera mapu ndi chipewa chomwe. Amasimba za kukomana kwake ndi Paul Kruger ku Pretoria, mtsogoleri amene ankakhulupirira kuti dziko ndi lafulati, motero sakanavomera kuti munthu angalizungulire. Sabisanso kuwawa kwa kukhala wekha: tsiku lina atadwala m'mimba pakati pa nyanja, anaona m'masomphenya mmalinyero wa Columbus atamugwirira tsigiro. Koposa zonse, bukuli limaonetsa munthu amene ntchito inamutaya atapitirira zaka 40, koma sanakhale pansi kudandaula. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wopuma pa ntchito amene akuganiza kuti moyo wake watha tsiku lolandira kalata angapezemo chilimbikitso chenicheni.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Cholakwa choyamba chili pa mutu weniweni wa bukuli, pa mawu aja akuti anayenda yekha. Tikawerenga mofatsa ndi kuwerengera anthu amene anamuthandiza, tipeza khamu. Ku Gibraltar asilikali a pamadzi a Britain anamukonzera ngalawa. Ku Sydney anampatsa matanga atsopano. Ku South Africa anampatsa chilolezo choyenda pa sitima ya pamtunda kwaulere. Ndalama za ulendo ankazipeza pokamba nkhani zake m'maholo, anthu nalipira pakhomo. Onsewa Slocum amawathokoza, zimenezo n'zoona. Koma pali ena amene pafupifupi sawatchula n'komwe: mkazi wake Hettie ndi ana ake anayi, wotsiriza akadali mnyamata, amene anatsala kwawo zaka zitatu zathunthu. Kodi ankadya chiyani? Kodi anafunsidwa maganizo? Bukuli lili chete. Ndipo mabuku ambiri amene analitsatira anatengera kukhala chete komweku, kotero kuti wowerenga amaona ufulu wa woyendayo, osaona amene anausenza ufuluwo ali kumtunda.

Cholakwa chachiwiri chikutikhudza ife eni magombe. Podutsa pa Strait of Magellan, kunsonga kwa South America, Slocum anakomana ndi anthu a ku Tierra del Fuego m'mabwato awo. Amawalongosola ngati akuba ndi anthu opanda chikhalidwe, amasimba kuti anawaombera mfuti, ndipo amaseka pofotokoza m'mene anamwazira timisomali takuthwa pamwamba pa ngalawa usiku kuti tiwabaye ku mapazi. Sadzifunsa mozama kuti anthuwo anali ataona zotani kwa alendo amene anabwera iye asanafike. Lero tikudziwa kuti m'zaka zomwezo mitundu imeneyi inali kutha chifukwa cha matenda achilendo ndi nkhanza za atsamunda. Makolo athu nawonso anali ndi chifukwa choopera thanga likatulukira panyanja, pakuti zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi za Makanjira zinkaolotsa akapolo kunka kutsidya. Powerenga tsamba limeneli, ife malo athu ali m'bwato muja, pamodzi ndi anthu osekedwawo. Zimene woyenda amazitcha nyanja zachilendo, kwa wina ndi pamudzi pake, pamene amasodza ndi kutunga madzi.

Cholakwa chachitatu n'chakuti Slocum, mwa luso lake la kusimba, amachititsa chinthu choopsa kuoneka chopepuka. Wowerenga amaiwala kuti munthuyu anali atakhala pa nyanja zaka zopitirira 30 asanayambe ulendowu. Francis Chichester, amene anazungulira dziko ali yekha mu 1966 ndi 1967 nabwerera ali ndi zaka 65, amatchulidwa kawirikawiri ngati umboni wakuti ukalamba suletsa kanthu. Koma nayenso anali katswiri wodziwa kupeza njira kuyambira unyamata wake, anali ndi anthu achuma omulipirira ngalawa, ndiponso mkazi wake Sheila ankayendetsa zambiri kumtunda.

Ife sitisowa kupita kutali kuti tidziwe ukali wa madzi. M'chaka chomwe Slocum ananyamuka, mu Seputembala 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican anali pa ulendo wa ku Likoma pa ngalawa ya matanga. Namondwe anaigubuduza kufupi ndi gombe la Salima, kumpoto kwathu pang'ono. Amalinyero ake anasambira napulumuka, koma iye anamira, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, sitima yatsopano ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja, anthu 145 nafa. Ngati nyanja yathu ya madzi okoma ichita zotere, nanga nyanja ya mchere ingamuchitire chifundo munthu amene mawondo ayamba kuphwanya ndi maso kuchita chidima?

Pa nyanja yathu pomwe panali munthu amene anakhaladi pa chombo zaka zambiri, ndipo moyo wake ukutiphunzitsa zimene Slocum anasiya. William Percival Johnson, mnzake wa Maples, ankayendera midzi ya kutsidya, kumene lero ndi Mozambique ndi Tanzania, poyamba pa sitima ya Charles Janson, pambuyo pake pa sitima ya Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901. Maso ake anali ofooka kwambiri chifukwa cha nthenda. Anatha kukhala moyo umenewu chifukwa anali ndi amalinyero, odula nkhuni za sitima, ndi midzi imene inkamudziwa ndi kumudikira. Atamwalira ku Liuli mu 1928, anaikidwa pakati pa anthu amene ankalankhula chinenero chawo. Kukhala pa madzi kunatheka pakuti pa gombe lililonse panali dzanja lolandira chingwe.

Asodzi a ku Mtakataka ndi ku Chipoka amadziwa zomwezi popanda buku. Msodzi akakula amatsika m'bwato, nasiyira nkhafi achinyamata. Iye amakhala pamchenga kusoka ukonde, kuyang'ana mitambo, ndi kuchenjeza kuti lero musalowe, mwera ukubwera. Kupuma kwa munthu wa kunyanja kumachokera pa madzi kunka kumtunda. Mabuku a ngalawa akuphunzitsa ulendo wobwerera m'mbuyo, ndipo amene amaukhumbira kwambiri ndi aja amene moyo wawo wonse anali mu ofesi.

Mathero a Slocum mwini sali m'bukumo, koma wowerenga ayenera kuwadziwa. Ndi ndalama za bukulo anagula munda pa chilumba cha Martha's Vineyard, koma mtima sunakhazikike. Atapitirira zaka 60 anakweranso Spray, imene inali itakalamba ngati mwini wake, nalowera kumwera. Sanaonekenso. Munthu amene anazungulira dziko sankadziwa kusambira. Mu 1924 lamulo linamuwerengera pakati pa akufa, ndipo Hettie analibe manda oti akasese.

Owerenga okondedwa, ochepa mwa ife adzagula ngalawa ya matanga. Koma mtima womwewo umatifikira m'njira yathu, pamene mphunzitsi kapena kalaliki amene sanagwirepo nkhafi alandira ndalama za penshoni nthawi imodzi, nazithira zonse m'boti la injini ndi chilimira, kapena nagulitsa nyumba kuti akayambe moyo wina kumene palibe womudziwa. Woganiza zotere adzifunse zimene bukuli silifunsa. Kodi ntchitoyi ndaiphunzira ndikadali ndi mphamvu? Kodi amayi a kunyumba avomera ndi mtima wawo, kapena angokhala chete? Ndikadzafika zaka 70, ndani adzakoka nangula? Zikakanika, pobwerera ndasiya? Safunsa anadya phula. Wolakalaka kuona madzi achilendo ayambe wakwera Ilala ku Monkey Bay, sitima imene inayamba kuyenda mu 1951, akafike ku Likoma, chilumba chathu chozingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo achite zimenezi mu Julayi, mwera uli pakati. Akabwera akadali ndi chilakolako, maloto ake ayesedwa pang'ono.

Bukuli ndi labwino, ndipo odziwa Chingerezi aliwerenge, awasimbireko ndi anzawo. Koma poliwerenga, tsamba lililonse akumbukire Hettie ndi ana ake, anthu a m'mabwato a ku Tierra del Fuego, ndi onse amene anakonza, kudyetsa ndi kudikira kuti munthu mmodzi atchedwe woyenda yekha.