Chitupa ndi Supu ya Bowa mu Come Back, Africa

Ambiri amakumbukira filimu ya Come Back, Africa (1959) chifukwa cha mawu a Miriam Makeba akuimba m'shabini ya ku Sophiatown. Koma nsanamira ya nkhani yonse ndi chitupa cha Zachariah, mpangankhani wamkulu.

Lionel Rogosin wa ku America adajambula filimuyi mu Johannesburg mozemba, atabisira boma latsankho cholinga chake chenicheni. Nkhani adailuka pamodzi ndi Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane, alembi a magazini ya Drum. Tsatanetsatane wake ngwosavuta. Zachariah achoka kumudzi ku Zululand, alowa mumgodi wa golide, kenaka asaka ntchito mumzinda: panyumba ya mzungu, pagalaja, pahotela, pamsewu. Paliponse amuchotsa, ndipo popeza chitupa chimamangirira munthu kwa bwana wake, kutha kwa ntchito kuli ngati kutha kwa chilolezo chokhalira mumzinda.

Zochitika za kukhitchini n'zofunika kuzifatsira. Dona aona kuti dzina loti Zachariah silimukomera, choncho amutcha "Jack". Pambuyo pake akalipa koopsa chifukwa wantchitoyo wataya supu ya bowa osadziwa kuti nchakudya. Ena amangoseka, nati uwu ndi uchimidzi. Ine ndiona kuti supuyi ndi chiphiphiritso cha mzinda wonse: uli ndi malamulo amene mlendo sauzidwa, koma amalangidwa akawaphwanya. Dzina latsopano lija nalonso nchitupa china, cholembedwa ndi pakamwa. Ife amene agogo athu adapita ku Joni pa Wenela, ena nkukathera m'makhitchini otere, zimenezi sizitidabwitsa. Nkoyenera kudziwanso kuti Myrtle Berman, amene adasewera ngati dona wankhanzayo, adali wolimbana ndi tsankho.

Pampondachimera ndi pamene pali mtsutso. Zachariah amangidwa atapezeka usiku m'kachipinda ka mkazi wake Vinah kuseri kwa nyumba ya azungu. Potuluka apeza Vinah ataphedwa ndi chigawenga Marumu. Nkosavuta kudandaula kuti filimu yodzudzula tsankho yapereka mpeni m'manja mwa munthu wakuda. Dandauloli lili ndi mutu, pakuti Marumu sadaumbidwe mokwanira. Timamumva kwambiri m'kamwa mwa Can Themba pa mkangano wa m'shabini kusiyana ndi kumuona. Komabe titsate ndondomeko ya zochitika. Adachotsa mwamuna pakhomo usiku umenewo ndani? Lamulo lidatsekula chitseko, Marumu adangolowa.

Ngakhale malo akuchitira umboni. Kuyambira mu February 1955 boma lidakhala likusamutsira anthu a ku Sophiatown ku Meadowlands, ndipo mabwinja ooneka mufilimuyi ndi enieni. Pamalopo padamangidwa dera la azungu lotchedwa Triomf, ndipo dzina lakale lidabwezeretsedwa mu 2006. Pamene Zachariah akumenya tebulo ndi zibakera pamathero, wopanda mawu, nyumba zomuzungulira zidali zikugwa kale.